KUGONA ANA ACICEPERE: NTHENDA, UMBONI NDI THANDIZO M'BOMA LA MAMBWE

M'cigwa ca Luangwa makolo amadziwa bwino kuchinjiriza ana awo ku zoopsa za m'thengo. Mwana wa kwa Kakumbi amaphunzitsidwa akali wamng'ono kuti asanyamuke kupita kusukulu njobvu zisanacoke m'njira, ndipo wa kwa Nsefu amadziwa madooko amene ng'ona zimabisalamo. Koma pali coopsa cina cimene sicicokera ku Paki, ndipo kawirikawiri cimadyera m'mbale imodzi ndi mwanayo. Tikunena munthu wamkulu wogona ana acicepere.

Nkhani imeneyi anthu ambiri amaopa kuikamba poyera. Ikacitika pamudzi, akulu amaitana mabanja awiri kuseri kwa nkhokwe, mbuzi kapena ndalama ziperekedwa, ndipo mwana auzidwa kukhala cete. Pamene nkhaniyo ifika kucipatala pamakhala patapita sabata kapena mwezi, nthawi zina mimba itaoneka kale. Kaamba ka ici, pa tsamba lino lero tifuna kulongosola zinthu zimene munthu aliyense wokhala m'maiko a mafumu 6 a Akunda, ndiwo a Nsefu, a Kakumbi, a Jumbe, a Mnkhanya, a Malama ndi a Msoro, ayenera kudziwa: nthenda imene madotolo amaipeza mwa ena a anthu ocita zimenezi, m'mene umboni umalembedwera, ndi thandizo limene lilipo kwa mwana ndiponso kwa wodwalayo.

UKULU WA BVUTO

M'caka ca 2014 Boma, mothandizana ndi University of Zambia, bungwe la UNICEF ndi ena, linafunsa anyamata ndi atsikana m'zigawo zonse za dziko lino za nkhanza zimene anakumana nazo paubwana. Pakati pa a zaka 18 mpaka 24, mkazi mmodzi mwa 5 alionse ndi mwamuna mmodzi mwa 10 alionse anabvomera kuti anacitidwapo nkhanza ya zakugonana asanakwanitse zaka 18. Amene analandira thandizo kucipatala kapena kupolisi anali ocepa kwambiri. Apolisi a Victim Support Unit, nthambi imene inakhazikitsidwa mu 1994 ndi kuyamba nchito mu 1996, akhala akulandira milandu yogona ana yopitirira 2,000 pa caka m'zaka zambiri zapitazi. Imeneyo ndi milandu yokhayo imene inafika pa tebulo la wapolisi. Ya kuseri kwa nkhokwe palibe anaiwerenga.

Awerengi aone bwino kuti ana aamuna nawonso alimo m'ciwerengero cimeneci, ngakhale kuti kumudzi nkhani yawo simveka. Aonenso kuti wocita zimenezi kawirikawiri sakhala mlendo wodutsa pamseu wa Chipata. Amakhala munthu amene mwanayo amamudziwa ndi kumukhulupirira: wacibale, mnansi, bambo womupeza, kapena wina amene makolo anamupatsa udindo woyang'anira ana.

NTHENDA IMENE ILI M'MABUKU A MADOTOLO

Madotolo a matenda a maganizo ali ndi mabuku awiri aakulu amene amatsata pochula ndi polemba matenda. Loyamba ndi la World Health Organization, lochedwa ICD. M'buku la ICD-10 nthenda imene tikukambayi inali pa nambala F65.4, ndipo m'buku latsopano la ICD-11, limene linayamba kugwira nchito mu Januwale 2022, ili pa nambala 6D32. Buku laciwiri ndi DSM-5 la madotolo a ku America, limene linatuluka mu 2013. Mabuku atsopano onse awiri amaicha nthendayi pedophilic disorder. M'Cinyanja tingati ndi nthenda yolakalaka ana. Amene anayamba kuilongosola monga nthenda ndi dotolo wa Cijeremani, Richard von Krafft-Ebing, amene anali kuphunzitsa ku Vienna kumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Malinga ndi DSM-5, dotolo asanalembe dzina la nthendayi pa pepala la munthu ayenera kupeza zinthu zitatu. Coyamba, munthuyo akhale ndi cilakolako camphamvu ndiponso cobwerezabwereza ca ana amene sanathe msinkhu, kawirikawiri a zaka 13 kapena kucepera apo, ndipo cilakolakoco cikhale citatenga miyezi yosacepera 6. Caciwiri, akhale atacitapo kanthu motsogozedwa ndi cilakolakoco, kapena cikhale cikumubvutitsa mumtima ndi kusokoneza kakhalidwe kake ndi anthu. Cacitatu, akhale wa zaka zosacepera 16, ndiponso wamkulu kwa mwanayo ndi zaka zosacepera 5.

Nthendayi imapezeka kwambiri mwa amuna. Akatswiri monga Michael Seto wa ku Canada amayerekeza kuti mwina mwamuna mmodzi mwa 100 alionse ali ndi cilakolako cotere. Ambiri amayamba kucizindikira akali anyamata, pa nthawi imene anzawo ayamba kuyang'ana atsikana a msinkhu wawo. Cimene cimayambitsa sicinapezeke cimodzi cokha. Ofufuza apeza zizindikiro zakuti kakulidwe ka ubongo, kuyambira mwana akali m'mimba, kali ndi mbali yake, ndiponso kuti ena mwa odwala anabvulala m'mutu paubwana. Ena anacitidwa nkhanza yomweyo ali ana. Koma apa tichule momveka: ana ambiri amene anagonedwa sakula n'kukhala ogona ana, ndipo kuwaloza cala ndi kuwapweteka kaciwiri.

NTHENDA NDI MLANDU N'ZOSIYANA

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Si onse ogona ana amene ali ndi nthendayi, ndipo si onse amene ali ndi nthendayi amene anagwirapo mwana. Ofufuza a kumaiko ena, atapima amuna omangidwa pa milandu yogona ana, anapeza kuti pafupifupi theka la iwo ndiwo anali ndi nthenda yolakalaka ana. Enawo anacita cifukwa ca mowa, cifukwa ca nkhanza, cifukwa mwana ndi wosabvuta kumuopseza, kapena cifukwa ca bodza lakuti kugona mwana kumaciza AIDS kapena kumabweretsa cuma. Bodza limeneli lapweteka ana ambiri m'maiko a kum'mwera kwa Africa, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene linamuciza.

Mwamuna wa zaka 40 amene atenga mtsikana wa zaka 14 kapena 15 amene anatha msinkhu ndipo anabvinidwa cinamwali, mwina dotolo sangamupeze ndi nthendayi, pakuti nthendayi imanena za ana osatha msinkhu. Koma pamaso pa lamulo mwamuna ameneyo ndi wopalamula basi. Gawo 138 la Penal Code, monga linakonzedwera mu 2005, limati aliyense wogona mwana wosakwana zaka 16 amangidwe zaka zosacepera 15, ndipo angathe kukhala m'ndende moyo wake wonse. Kubvomera kwa mwanayo sikuwerengedwa. Gawo lomwelo limapereka cilango comweco kwa ng'anga kapena munthu aliyense amene auza wodwala kuti akagone mwana kuti acire. Pamwamba pa ici, lamulo la Children's Code la 2022 linasonkhanitsa pamodzi malamulo ochinjiriza ana, ndipo lamulo la maukwati lokonzedwa mu 2023 limati ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wopanda mphamvu, ngakhale utamangidwa mwa mwambo wa makolo.

Nthendayi si misala. Lamulo limakhululukira munthu amene pa nthawi yolakwayo ubongo wake unali wosokonezeka kotero kuti sanadziwe cimene anali kucita kapena kuti cinali coipa. Wodwala nthenda yolakalaka ana amadziwa bwino, ndiye cifukwa cake amabisala, amanyengerera mwana ndi maswiti kapena ndalama, ndi kumuopseza kuti asaulule. Munthu sasankha cilakolako cimene cimamera mwa iye, koma amasankha cimene manja ake acita. Motero pepala la dotolo silimasula munthu ku mlandu.

M'MENE DOTOLO AMAPIMIRA NDI KULEMBA

Nthendayi siipezeka m'magazi ndipo siioneka pa X-ray. Siioneka pankhope, pa kabvalidwe kapena pa kuti munthu ndi mbeta kapena wokwatira. Amene ali ndi mphamvu yoipima ndi dotolo wa matenda a maganizo kapena kilinikolo ofisala amene anaphunzira nchitoyi, monga aja ophunzitsidwa ku Chainama. Kwa anthu a ku Mambwe, khomo loyamba ndi cipatala ca pafupi, cimene cingatumize munthu ku Chipata Central Hospital, ndipo kucokera kumeneko ku Chainama Hills Hospital mu Lusaka, cipatala cacikulu ca matenda a maganizo cimene cinatsegulidwa mu 1962.

Kupimako ndi kukambirana kwa nthawi yaitali, kawirikawiri kwa masiku angapo. Dotolo amafunsa kuti maganizowo anayamba liti, amabwera kangati, amakhudza ana a msinkhu wanji, ndiponso ngati munthuyo amakopekanso ndi akulu anzake kapena iai. Amafunsa za mowa ndi camba, za kubvutika maganizo ndi za mtima wofuna kudzipha, pakuti ambiri a odwalawa amakhala ndi manyazi aakulu. Ngati nkhani inafika kale kupolisi, dotolo amawerenganso mapepala a mlandu, cifukwa munthu woimbidwa mlandu sabvomera zonse. Amapimanso ubongo weniweniwo, makamaka ngati khalidwelo layamba mwadzidzidzi munthu ali wamkulu. Mu 2003 madotolo a ku Virginia, ku America, analemba za mwamuna wa zaka 40 amene khalidwe lotere linamuyamba cifukwa ca cotupa ca mu ubongo. Cotupaco citacotsedwa khalidwelo linatha, ndipo citameranso linabwerera. Zoterezi n'zosowa, koma nkhalamba imene yayamba kuiwalaiwala ndi kucita zosayenera pamaso pa ana iyenera kuonedwa ndi dotolo msanga.

Polemba, dotolo amasiyanitsa mau a wodwala, mau a anthu ena, ndi zimene iye mwini waona. Salemba dzina la nthendayi cifukwa ca mphekesera za pamudzi, pakuti dzina limeneli likalembedwa pa munthu wosalakwa limamutsata mpaka kumanda. Funso lalikulu koposa pa pepalalo ndi ili: kodi pali mwana amene ali pangozi lero? Kodi wodwalayo amagona nyumba imodzi ndi ana? Kodi nchito yake ndi ya pakati pa ana? Zimene munthu auza dotolo n'zacinsinsi, ndipo lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, limachinjiriza ulemu wa odwala maganizo. Koma cinsinsi cimathera pamene pali mwana amene wapwetekedwa kapena ali pafupi kupwetekedwa. Pamenepo wa cipatala ayenera kudziwitsa apolisi ndi a Social Welfare, ndipo dotolo wabwino amauza wodwalayo zimenezi poyamba penipeni.

MAOLA 72 A MWANA

Tsopano tibwere kwa mwana, amene ndiye mwini nkhani. Mwana akagonedwa, nthawi imayamba kuwerengedwa pomwepo. Mankhwala ochinjiriza HIV, ochedwa PEP, amagwira nchito pokhapo ngati ayambidwa pasanathe maola 72, ndiwo masiku atatu, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Akayambidwa tsiku loyamba ndiye bwino koposa. Kwa mtsikana amene anayamba kutha msinkhu pali mankhwala oletsa mimba amene amaperekedwa pasanathe masiku 5. Palinso mankhwala a cindoko, cinzonono ndi matenda ena opatsirana, katemera wa nthenda ya ciwindi ya hepatitis B, ndi jekeseni ya kafumbata ngati pali zilonda. Pambuyo pake mwana amabwereranso kukapimidwa HIV pa masiku amene a cipatala amuuza.

M'dziko lathu lino la m'cigwa masiku atatu ndi ocepa. Nthawi ya dzinja mitsinje ya Lupande ndi Msandile ikadzala, munthu wa kwa Malama, kwa Msoro kapena kwa Nsefu angataye tsiku lathunthu pa ulendo umene m'cilimwe ndi wa maola awiri. Usiku sayenda kaamba ka njobvu. Tsiku lina limatha podikira amalume a mwana kuti abwere adzamve nkhani, lina limatha pokambirana ndi banja la wolakwa. Pofika pa Kamoto Mission Hospital maola 72 amakhala atapita. Cotero langizo ndi lakuti mwana apite naye pa kiliniki ya pafupi tsiku lomwelo, kaya ndi pa Kakumbi, pa Masumba, pa Msoro kapena pena paliponse. Sikofunika kuyamba mwatenga pepala kupolisi kuti mwana alandire mankhwala. Cipatala coyamba, polisi pambuyo, ndipo amalume adzamva nkhani mwana atamwa kale mankhwala.

Ngati n'kotheka mwana asasambitsidwe asanaonedwe, ndipo zobvala zake zisacapidwe. Zikulungidwe m'pepala loyera kapena m'nsalu youma, osati m'pulasitiki, pakuti m'pulasitiki zimacita nkhungu ndipo umboni umaonongeka. Ku Lusaka tsopano kuli nyumba yopimira DNA, ndipo kacobvala kosungidwa bwino kangaloze wolakwa. Koma ngati mwana wasamba kale, kapena masiku atatu apita, apite naye ndithu. Matenda ena amacizika ngakhale patapita nthawi, ndipo cilonda ca mumtima cimafuna wocisamala.

Mau oyamba a kholo ndi mankhwala nawonso. Mwana amene waulula asamenyedwe, asafunsidwe kuti anapitiranji kumeneko, ndipo asaimikidwe pamaso pa wolakwa kuti abwereze nkhani. Auzidwe kuti wacita bwino kunena ndipo kuti cifukwa si cake. Ana ambiri saulula ndi pakamwa. Amayamba kukodza pogona pamene anali atasiya, kuopa munthu wina wake, kulota zoopsa, kukana sukulu, kubvutika poyenda kapena pokhala, kapena kudziwa za akulu zosayenera msinkhu wawo. Kholo ndi mphunzitsi akaona zotere afunse mofatsa, pamalo obisika.

PEPALA LIMENE LIMALANKHULA M'KHOTI

Akulu anati mlandu suola. N'zoona, koma umboni umaola. Milandu yambiri yogona ana imafera m'khoti cifukwa ca pepala lolembedwa mosasamala kapena losalembedwa konse. Apolisi amapereka pepala lochedwa ZP Form 32, limene wa cipatala amalembapo zimene wapeza. Kawirikawiri khoti limafuna kuti pakhale dzanja la dotolo, ndiye cifukwa cake mwana amene waonedwa pa kiliniki angatumizidwenso ku cipatala cacikulu. Makolo asatope ndi ulendo waciwiriwo.

Malangizo a World Health Organization a 2017 onena za ana ocitidwa nkhanza yotere amati mwana apimidwe mwaulemu, atalongosoleredwa cimene cidzacitika, pali munthu wamkulu amene iye amamukhulupirira, ndipo asakakamizidwe. Wolemba alembe tsiku ndi ola la kupimako, ndi mau a mwana monga momwe waanenera, m'Cikunda kapena m'Cinyanja, osawasandutsa mau a cipatala. Asamuike mau m'kamwa pomufunsa kuti "kodi ndi uje?" koma amulole kufotokoza yekha. Cilonda ciliconse cilembedwe malo ake, ukulu wake ndi maonekedwe ake. Zobvala ndi zina zotengedwa zilembedwe dzina ndi tsiku, ndipo aliyense wozilandira asaine, kuti m'khoti pasadzakhale wonena kuti zinasinthidwa panjira.

Pali cinthu cimodzi cimene makolo, apolisi ndi mafumu ayenera kucimvetsa. Ana ambiri amene anagonedwa, makamaka akapimidwa patapita masiku, sapezeka ndi cilonda ciliconse, pakuti thupi la mwana limapola msanga ndipo nkhanza zina sizisiya cizindikiro. Pepala lonena kuti palibe cilonda silitanthauza kuti mwana wanama, ndipo dotolo wodziwa nchito amalemba zimenezo momveka. Pa cifukwa comweco, mwambo wakuti amai acikulire ayang'ane mwana kumudzi kuti aone ngati "anaonongedwa" sungapereke yankho. Mu 2018 World Health Organization inanena poyera kuti kupima unamwali kulibe maziko m'nzeru za cipatala ndipo kumangopweteka mwana.

Umboni wina wofunika ndi wa zaka. Khoti liyenera kukhutira kuti mwanayo sanakwane zaka 16. Satifiketi ya kubadwa, khadi la kusikelo, kaundula wa sukulu ndi umboni wa mai wake ndizo zimathandiza. Khadi la kusikelo lija limene limatayidwa mwana akangosiya kupimidwa pa sikelo lingathe kumanga kapena kumasula mlandu patapita zaka 10. Lisungidwe pamodzi ndi marejisitireshoni a makolo.

Kuti mwana asayende maofesi ambiri akubwereza nkhani yowawa, mu 2006 pa University Teaching Hospital mu Lusaka panatsegulidwa One Stop Centre ya ana, pamene dotolo, namwino, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pa khomo limodzi. Kucokera pamenepo malo otere afalikira m'zipatala zambiri za m'maboma. Lamulo la Anti-Gender-Based Violence la 2011 linaika pa apolisi ndi a cipatala udindo wothandiza wodandaula msanga, ndipo mu 2016 makhoti ofulumiza milandu yotere anayamba ku Kabwe ndi ku Lusaka, kenaka anafika ndi ku Chipata.

MBUZI SIILIPA MLANDU UMENEWU

Bwalo la mfumu ndi Local Court zili ndi nchito yaikulu pa milandu ya minda, ya maukwati ndi ya ngongole, koma zilibe mphamvu pa mlandu wogona mwana. Mlanduwu umazengedwa ndi mejasitiriti, ndipo munthu akapezeka wolakwa amatumizidwa ku High Court kukalandira cilango, pakuti zaka 15 n'zopitirira mphamvu ya mejasitiriti. Kholo kapena nduna imene ilandira mbuzi kapena ndalama kuti ibise mlandu, nayonso ipalamula.

Tidziwa cifukwa cake mabanja amabisa. Wolakwayo nthawi zina ndiye amagula unga panyumba, kapena ndiye yekha ali pa nchito ku malo a alendo ku Mfuwe. Mai amaopa kutha kwa ukwati, ndipo banja limaopa manyazi. Koma pepani sapoletsa cilonda. Ndiponso, monga taonera, ngati munthuyo ali ndi nthenda yolakalaka ana, cilakolako cake sicitha cifukwa walipa mbuzi. Kumusamutsira kumudzi wina ndi kungopereka ana a kumeneko. Mu 2008 Woweruza Phillip Musonda wa High Court mu Lusaka analamula kuti mtsikana wa sukulu amene anagonedwa ndi mphunzitsi wake ali ndi zaka 13 alipidwe K45 miliyoni ya ndalama za nthawiyo, ndipo anapeza kuti akulu a sukuluyo anali atamvapo kale za khalidwe la mphunzitsiyo koma sanachinjirize ana. Kukhala cete kwa akulu ndiko kunatsegula njira.

KODI NTHENDAYI IMACIZIKA?

Kunena zoona, palibe mankhwala, a cipatala kapena a cikuda, amene atsimikizidwa kuti amacotseratu cilakolako cimeneci. Kukwatira sikucicotsa, ndipo kumupezera mkazi wodwalayo kumangoika ana a mkaziyo pangozi. Colinga ca thandizo ndi cakuti munthuyo akhale moyo wake wonse osagwira mwana, ndipo ici n'cotheka, monga momwe cidakwa cingakhalire zaka zambiri osalawa mowa ngakhale kuti ludzu lake lilipo.

Thandizo loyamba ndi la kukambirana, limene madotolo amalicha cognitive behavioural therapy. Wodwala amaphunzira kuzindikira mabodza amene amadziuza, monga akuti mwanayo anafuna yekha kapena kuti adzaiwala. Amaphunzira kudziwa nthawi zimene amafooka, monga ataledzera, ali yekha kapena atakwiya, ndipo amapangana ndi womuthandiza malamulo osasweka: osakhala yekha ndi mwana, osagona cipinda cimodzi ndi ana, osagwira nchito ya pakati pa ana, osayang'ana zithunzi zolaula za ana pa foni, zimene pazokha ndi mlandu waukulu. Ngati pali wacibale wamkulu amene adziwa ndi kumuyang'anira, mapanganowo amalimba.

Thandizo laciwiri ndi mankhwala. Mankhwala ena a kubvutika maganizo, monga fluoxetine, amacepetsa maganizo obwerezabwereza mwa odwala ena. Kwa amene ali oopsa kwambiri pali mankhwala otsitsa testosterone, mphamvu ya cimuna ya m'magazi. Ena mwa iwo ndi cyproterone, leuprolide, triptorelin ndi medroxyprogesterone, amene amai ambiri amawadziwa monga jekeseni ya kulera, ngakhale kuti muyeso wake pano ndi wina. Mu 2020 madotolo a ku Karolinska, ku Sweden, anayesa jekeseni ya degarelix pa kafukufuku wa amuna 52 amene anabwera okha kudzapempha thandizo, ndipo anapeza kuti pa masabata awiri zizindikiro za ngozi zinatsika mwa amene anabaidwa. Mankhwala amenewa ali ndi zobvuta zake: amafooketsa mafupa, amanenepetsa, ena amapweteka ciwindi, ndipo akasiyidwa cilakolako cimabwerera. Cotero amaperekedwa ndi dotolo yekha, wodwala atabvomera, ndipo amayendera pamodzi ndi kukambirana kuja. Si ogula pa sitolo ya mankhwala.

Cinthu cacikulu cimene maiko ena aphunzira n'cakuti si bwino kudikira kuti mwana ayambe wapwetekedwa. Mu 2005 cipatala ca Charité ku Berlin, motsogozedwa ndi Profesa Klaus Beier, cinayamba kuitana poyera amuna amene amadzimva kuti ali ndi cilakolako cotere kuti abwere kudzathandizidwa asanalakwe. Anthu ambiri anaganiza kuti palibe adzabwera, koma amuna mazanamazana anaimba foni m'zaka zoyambirira, ndipo nchitoyo inafalikira m'mizinda ina ya Germany. Kuno kwathu madotolo a matenda a maganizo ndi ocepa ndipo ambiri ali ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 600 kucokera ku Mfuwe. Komabe mwamuna kapena mnyamata amene adziwa mumtima mwake kuti maganizo otere amamubvuta, ndipo sanagwirepo mwana, sanapalamule mlandu. Apite kucipatala, apemphe kuonana ndi wa matenda a maganizo, ndipo kuyambira lero adzipatule kwa ana. Kupempha thandizo kuli ndi manyazi a tsiku limodzi. Kukhala cete kungaononge moyo wa mwana ndi kumutengera iye zaka 15 m'ndende.

KUMENE TINGAPITE

Mwana, kholo, mphunzitsi kapena mnansi angaimbe nambala 116, ya Childline, kwaulere usana ndi usiku. Akulu angaimbe 933, ya Lifeline. Apolisi a Victim Support Unit ndi ofesi ya Social Welfare pa boma la Mambwe alipo kaamba ka nchito imeneyi. Mtsikana amene watenga mimba asataye sukulu, pakuti kuyambira 1997 Boma limalola atsikana otere kubwerera m'kalasi atabereka.

Kwa mafumu a midzi, nduna, alangizi a cinamwali, abusa ndi aphunzitsi, pempho ndi ili: nkhani yotere ikakufikani, musaitane bwalo. Pezani njinga kapena galimoto, mwana afike pa kiliniki tsiku lomwelo, khadi lake la kusikelo lili m'manja, zobvala zili m'pepala. Ndipo pa misonkhano ya m'midzi, m'machalichi ndi pa mwambo wa Malaila pamene Akunda onse amakumana, ana amve kucokera pakamwa pa akulu kuti thupi lawo ndi lawo, kuti palibe wamkulu, ngakhale wacibale, amene ali ndi ufulu wowauza kusunga cinsinsi cotere, ndipo kuti akaulula adzakhulupiriridwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.